Cruise control ikafa pa 4x4 yakale, yambirani pa buleki

Toyota inasiya kupanga Land Cruiser 80 ku Japan mu 1997, Jeep Cherokee XJ inatha ku America mu 2001, ndipo Land Rover Discovery 2 inalekeka mu 2004. Komabe magalimoto amenewa akadali pamsewu, ndipo amene ali nawo sawagulitsa wamba. Injini zake zimapirira, zitsulo zake zapansi ndi zolimba. Zimene zimatha msanga ndi tizinthu ta mphira, ta pulasitiki ndi mawaya, ndipo pa zipangizo zonse zodalira tizinthu timeneti, cruise control ndiyo imayamba kugwa. Ichi ndi chipangizo chija chimene chimagwira liwiro limene dalaivala wasankha, iye n'kuchotsa phazi pamoto.

Ikasiya kugwira ntchito, eni magalimoto amagawikana pawiri. Ena amangoinyalanyaza, amati bola galimoto ikuyenda. Ena amathamangira kuitanitsa kompyuta yake kuchokera kunja, kulipira ndalama zankhaninkhani, n'kupeza kuti vuto likadalipo. Onsewa amaphonya mfundo imodzi: cruise control anaipanga kuti izikana msanga. Ikangokayikira chinthu, makamaka chokhudza mabuleki, imasiya pomwepo. Choncho nthawi zambiri imene timati yafa imakhala ili bwinobwino, ikungomvera uthenga wabodza wochokera ku kachinthu kotsika mtengo. Ntchito ya wofufuza ndi kupeza kachinthuko, ndipo kawirikawiri kamapezeka kuti n'kokhudza chitetezo cha galimoto yonse.

Mmene imagwirira ntchito

Amene anayambitsa chipangizochi ndi Ralph Teetor, injiniya wa ku Indiana ku America, amene anali wosaona kuyambira ali mwana. Boma linamupatsa chiphaso cha umwini wa lusoli mu 1950, ndipo kampani ya Chrysler inaliika m'magalimoto ake mu 1958 pa dzina loti Auto-Pilot. Zambiri zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma mbali zake zikadali zinayi. Pali sensa youza liwiro la galimoto. Pali maswichi amene dalaivala amadina, olembedwa ON, SET, RESUME ndi CANCEL, kuphatikizapo maswichi obisika a pa buleki, pa kilachi ndi pa giya. Pali kompyuta imene imayerekezera liwiro limene lilipo ndi limene linasankhidwa. Pomaliza pali actuator, chida chimene chimakoka throttle m'malo mwa phazi.

Pa actuator ndi pamene magalimoto akale amasiyana, ndipo musanagwire sipanala muyenera kudziwa mtundu umene muli nawo. Woyamba ndi wokoka ndi vakyumu. Jeep Cherokee XJ imatenga vakyumu ku injini yeniyeniyo, pamene Discovery 1 ndi Discovery 2 ya petulo V8 zili ndi kapampu kakekake ka magetsi kamene kamayamwa mpweya m'kathumba ka mphira. Kathumbako kakafota, kamakoka throttle. Wachiwiri ndi wa mota ya magetsi, ngati wa pa Land Cruiser 80: mota imazunguza timagiya, timagiyato n'kukoka kebulo kudzera pa kilachi ya maginito. Wachitatu ulibe actuator n'komwe. Pa Discovery 2 ya dizilo Td5, pedulo ya moto ndi ya magetsi, ndipo kompyuta ya injini imangoonjezera kapena kuchepetsa mafuta yokha. Kufunafuna paipi ya vakyumu ya cruise control pa Td5 n'kutaya nthawi.

Mitundu yonseyi ili ndi malamulo okana. Mabuku a Toyota a nthawi imeneyo amanena kuti siigwira galimoto ikamayenda pansi pa makilomita 40 pa ola, ndipo imadzichotsa yokha liwiro likatsika ndi makilomita 16 pa ola kuchoka pa limene munasankha. Mukaponda buleki kapena kilachi imasiya. Giya ikakhala pa N imakana. Ndiye musanaweruze kuti yawonongeka, onetsetsani kuti mukuiyesa pa liwiro loyenera, pamsewu wopanda chitunda, ndipo transfer case ili pa H.

Mvetserani mmene ikukanira

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zochepa zoonetsetsa mmene vuto likuonekera zimapulumutsa masiku ambiri a kugalaja, chifukwa kukana kulikonse kumaloza kwake.

Ngati mwadina ON koma kagetsi ka CRUISE pa dashibodi sikakuyaka, magetsi sakufika: ganizirani fyuzi, swichi yaikulu, mawaya a m'chiwongolero, kapena kababu ka dashibodiko kangopsa. Ngati kagetsi kakuyaka koma mukadina SET palibe chikuchitika, kompyuta ili moyo koma china chake chikuiletsa, kapena actuator ilibe mphamvu yokokera. Ngati ikugwira kenako n'kusiya galimoto ikagunda bampu kapena dzenje, pali pulagi yokhwefuka kapena swichi ya buleki imene ili m'malire. Ngati ili yokoka ndi vakyumu ndipo ikusiya pokwera chitunda pokha, vakyumu ikuthawa. Ngati ikugwira koma liwiro likungokwera n'kutsika, kebulo yakhwepa kapena uthenga wa liwiro ukubwera moduka. Ndipo ngati ikukana kusiya mukaponda buleki, kapena ikuonjezera moto yokha, izimitseni pa swichi yaikulu ndipo musaiyatsenso mpaka chifukwa chake chitapezeka.

Funso lina lofunika ndi loti: galimotoyi inagwiridwa pati vutoli lisanayambe? Kuika wailesi yatsopano, alamu kapena tiraka, kulumikiza magetsi a ngolo, kusintha mababu akumbuyo, kuzula chiwongolero, kusintha kilachi kapena batire, zonsezi zimadutsa pafupi ndi mawaya ndi mapaipi a cruise control. Ikafa sabata yomwe galimoto yachoka kwa okonza magetsi, yambirani pamene iwo anagwira.

Fyuzi, mababu ndi swichi ya buleki

Yambani ndi mafyuzi, koma musaone ya CRUISE yokha. Magalimoto ambiri amatenga magetsi a chipangizochi pa fyuzi ya STOP, ya GAUGE kapena ya hutala. Musadalire maso, fyuzi imatha kuoneka yabwino pamene yaduka m'mphepete. Iyezeni ndi tesita mbali zonse ziwiri kiyi ili pa ON. Ikapezeka yopsa, n'kupsanso mukaika ina, pali waya amene akukhudza chitsulo, ndipo kuika fyuzi yaikulu kuposa yolembedwa n'kuitana moto.

Kenako pemphani munthu aime kumbuyo pamene inu mukuponda buleki. Magetsi onse ayake, kuphatikizapo lapamwamba ngati lilipo, ndipo azime mukangochotsa phazi. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Makompyuta ambiri akale amadziwa kuti buleki sinapondedwe poona kuti waya wa magetsi a buleki ukufika ku ethi kudzera m'kawaya kopyapyala ka m'kati mwa babu. Mababu akapsa, kapena ethi ya nyale yakumbuyo ikachita dzimbiri, njira imeneyi imaduka ndipo kompyuta imaona ngati phazi lili pa buleki. N'chimodzimodzi mukachotsa mababu akale n'kuika a LED: amawala bwino, koma salola magetsi kudutsa mmene kompyuta ikuyembekezera. Bwezeretsani mababu wamba n'kuyesanso. Ikagwira, mwapeza vuto popanda kugula kanthu kodula.

Tsopano gonani chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi, muyang'ane pamwamba pa pedulo ya buleki. Mudzaona swichi yokhala ndi kamutu kamene kamakanikizidwa pedulo ikabwerera m'malo mwake. Pamene kamutuko kamagunda pamakhala kabatani ka mphira kapena ka pulasitiki kotsekera bowo la pa chitsulo cha pedulo. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, kabatani kameneka kakakalamba kamauma n'kuphwanyika. Chizindikiro chake ndi tizidutswa touma, tachikasu kapena takuda, togwera pa kapeti pansi pa mapedulo. Kakachoka, kamutu ka swichi kamangolowa m'bowo osakanikizidwa, magetsi a buleki amayaka usana ndi usiku, batire limatha, ndipo cruise control imakana. Kabataniko n'kotsika mtengo kwambiri ndipo kamalowa pongokanikiza ndi chala pedulo itapondedwa. Pa galimoto ya kilachi, yang'ananinso pedulo inayo, chifukwa ilinso ndi swichi ndi kabatani kofanana.

Swichi yeniyeniyo nthawi zambiri imakhala ndi mawaya anayi, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Awiri ndi a magetsi akumbuyo, amalumikizana mukaponda. Awiri enawo ndi a cruise control, amakhala olumikizana nthawi zonse n'kuduka mukaponda. Mbali imodzi imatha kufa ina ikugwira bwino, choncho kuona magetsi akuyaka si umboni woti swichi yonse ili bwino. Zulani pulagi, muyeze mbali iliyonse ndi mita, mukukanikiza ndi kusiya kamutu. Pa Land Cruiser 80, magetsi a kilachi ya maginito ya mu actuator amadutsa pa mbali yachiwiriyi, kuti buleki ikapondedwa kebulo imasuke ngakhale kompyuta itasokonezeka.

Pali kuyesa kwina kosavuta. Pamsewu wopanda anthu, kokerani pedulo ya buleki m'mwamba ndi nsonga ya phazi lakumanzere, kenako mudine SET. Ikagwira, ndiye kuti pedulo siikubwerera mokwanira kapena swichi yasuntha, ndipo ingofunika kuikonza malo kapena kusintha sipuling'i. Pa galimoto ya otomatiki, giya ikamavuta kuchoka pa P, chimenecho ndi chizindikiro chinanso cholozera ku swichi yomweyi.

Kumene vakyumu imathawira

Pa magalimoto okoka ndi vakyumu, mdani wamkulu ndi mphira wokalamba. Paipi imang'ambika kumapeto kumene yavekedwa pa chitsulo kapena pa pulasitiki, ndipo ming'alu yake imakhala pansi, kosaoneka. Ipindeni ndi zala mukuunika. Yabwino imapindika bwinobwino, yotha imatsegula timing'alu kapena kusiya zakuda m'manja.

Pa Discovery yokoka ndi vakyumu, mapaipi ndi atatu okumana pa kolumikizira kooneka ngati T: ina ipita ku pampu, ina ku kathumba kokoka throttle, ina imaboola khoma la injini kupita ku valavu ya pa pedulo ya buleki. Injini itazima, zulani paipi ku pampu, muipukute, muyamwe ndi pakamwa kapena ndi kapampu ka m'manja. Kathumba kayenera kufota n'kukoka throttle, ndipo mukatseka paipiyo ndi chala kakhale chifotere. Wina akaponda buleki, kafufume nthawi yomweyo. Kakakana kufota, kapena kakamafufuma pang'onopang'ono popanda woponda, mpweya ukulowera penapake. Tsinani paipi yopita ku pedulo n'kuyesanso: kakagwira, vuto lili ku valavu ya pa buleki kapena pa paipi yake; kakapanda kugwira, ndi kathumba kapena paipi ya pafupi nako. Kudula nsonga yong'ambika n'kuvekanso kumathandiza kwa kanthawi, koma mphira ukayamba kutha umatha paliponse, choncho sinthani mapaipi onse nthawi imodzi.

Pa Cherokee XJ, vakyumu imasungidwa m'kathanki ka pulasitiki kobisika kuseri kwa bampala yakutsogolo, ndipo paipi yake imadutsa pansi pa batire. Asidi wodontha amaidya pamenepo, ndipo kathankiko kamasweka galimoto ikagunda chitsa kapena pamene anthu akuika bampala yachitsulo. Ena amakachotsa osadziwa ntchito yake. Galimotoyi imadziulula yokha: zitseko za mpweya wa m'kati zimayendanso ndi vakyumu yomweyo, ndiye ikathawa, mpweya umangotulukira ku galasi lakutsogolo ngakhale mutembenuze batani motani. Mukaona zimenezi pamodzi ndi cruise control yakufa, musavutike ndi mawaya.

Chifukwa chimene vuto la vakyumu limaonekera pachitunda n'chosavuta kumva. Injini ya petulo yabwino ikamalira payokha m'mphepete mwa nyanja yamchere imapanga vakyumu ya mainchesi 17 mpaka 21 pa geji, koma throttle ikatseguka kwambiri vakyumuyo imatsika kufika pafupifupi pa ziro. Nthawi imeneyo actuator imadalira zimene zasungidwa m'kathanki, zotetezedwa ndi kavalavu kolola mpweya kupita mbali imodzi yokha. Kavalavuko kakafa, cruise control imagwira pachigwa n'kugonja paphiri. Kukwera kwa malo kumachepetsanso vakyumu, pafupifupi inchi imodzi pa mamita 300 alionse. Choncho galimoto imene ili ndi kobowoka pang'ono ikhoza kugwira bwino ku Nsanje n'kukana ku Dedza, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Injini ya dizilo payokha sipanga vakyumu yotere, n'chifukwa chake imadalira pampu.

Mawaya a m'chiwongolero

Mabatani akakhala pa chiwongolero, uthenga wake umadutsa mu clock spring, riboni ya mawaya yokulungidwa m'kabokosi kozungulira kuseri kwa chiwongolero, imene imamasuka ndi kukulungika pamene mukukhota. Riboniyi imatha ndi ukalamba, koma kawirikawiri imaduka chifukwa cha anthu: wina wazula chiwongolero kapena shafiti yake, chiwongolero chazungulira chokha, pobwezeretsa riboni sinali pakati, ndiye pokhota mpaka kumapeto imakokeka n'kuduka. Hutala ndi airbag zimadutsa momwemo. Hutala ikafa, kagetsi ka airbag kakayaka, cruise control n'kusiya, zonse nthawi imodzi, wolakwa ndi clock spring. Nthawi zina zimagwira chiwongolero chikakhala mbali ina n'kusiya chikawongoka.

Pa magalimoto ambiri mabatani onse amagwiritsa ntchito waya mmodzi, batani lililonse lili ndi resistor ya muyeso wakewake, ndipo kompyuta imazindikira limene ladinidwa poona kuchuluka kwa magetsi obwerera. Fumbi ndi dzimbiri zikalowa, muyeso umasintha ndipo SET imamveka ngati CANCEL kapena siimveka n'komwe. Kuyeza kwake n'kwa mita, poyerekezera ndi manambala a m'buku la galimotoyo. Koma chenjezo ndi ili: pa chiwongolero cha airbag, zulani batire, mudikire mphindi zingapo musanamasule kanthu, ndipo musagwiritse mita pa mapulagi achikasu. Magetsi ochepa a mu mita akhoza kuphulitsa airbag pankhope panu.

Uthenga wa liwiro, ndi zovuta za 4x4

Popanda kudziwa liwiro, kompyuta singagwire kanthu. Pa 4x4 zambiri za m'ma 1990, sensa ya liwiro imakhala pa transfer case, pafupi ndi pamene shafiti yakumbuyo imatulukira. Zakale kuposa pamenepo zili ndi kebulo yozungulira yopita ku sipidomita, sensa n'kukhala kuseri kwa dashibodi. Muvi wa sipidomita ukamanjenjemera, kugwa pa ziro n'kudzukanso, kapena giyabokosi ya otomatiki ikamasintha magiya mosokonekera, yambirani pamenepo. Koma muvi ukamayenda bwino si ndiye kuti zonse zili bwino, pakuti pa magalimoto ena uthengawo umayamba wafika ku dashibodi kenako n'kutumizidwa ku kompyuta ya cruise control pa waya wina, amene akhoza kuduka payekha. Pa Discovery 2 liwiro limachokera ku masensa a ABS a m'mawilo, choncho magetsi a ABS akayaka pa dashibodi, konzani zimenezo kaye.

Apa ndi pamene 4x4 imasiyana ndi galimoto ya m'tauni. Mapulagi ake apansi amamira m'matope, amawoloka mitsinje, amakwapulidwa ndi udzu ndi miyala. Zulani pulagi ya sensa muone m'kati: mukapeza zobiriwira, madzi kapena dothi, itsukeni ndi mankhwala otsukira mapulagi, iume, kenako muibwezeretse mpaka imveke kuti yakola. Tsatirani waya ndi dzanja kuchoka pa sensa mpaka pamene walowa m'bodi, makamaka pamene wadutsa pafupi ndi ekizozi kapena pamene akukhuzana ndi chasisi. Galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda, makoswe nawo amadya mawaya ndi mapaipi. Onaninso maswichi ouza kompyuta kuti giya ili pa D ndiponso kuti transfer case ili pa H kapena L. Swichi ya L ikamatirira, galimoto imadziona ngati ili m'giya yamphamvu nthawi zonse, ndipo pa mitundu ina chimenecho chokha chimaletsa cruise control. Matayala aakulu kuposa oyamba saipha, koma amanamiza sipidomita, ndiye liwiro limene mwasankha limakhala lalikulu kuposa limene muvi ukuonetsa.

Galimoto ikamanena yokha

Makina oyezera amene amalumikizidwa pansi pa dashibodi anakhala lamulo ku America kuyambira 1996, koma pa magalimoto ambiri akale kompyuta ya cruise control ndi yapayokha ndipo makina wamba saiona. Makaniko akanena kuti makina sakuonetsa vuto lililonse, sizitanthauza kuti vuto palibe.

Toyota inaika njira yakeyake. Cruise control ikadzichotsa chifukwa cha vuto, kagetsi ka CRUISE kamaphethira kasanu, ndipo kompyuta imasunga nambala ya vutolo. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kuseri kwa chivindikiro chake kuli chithunzi cha mabowo ndi maina ake. Kiyi ili pa ON, lumikizani Tc ndi E1 ndi kawaya kakafupi, muonetsetse kuti ndi mabowo amenewo osati ena, kenako muwerenge kuphethira kwa kagetsiko. Kakaphethira kawiri, n'kupuma pang'ono, n'kuphethira kamodzi, nambala ndi 21, ya sensa ya liwiro. Nambala 11 ndi ya mota ya actuator, 12 ndi ya kilachi ya maginito, 32 ndi ya swichi ya dalaivala. Kakamangophethira mofulumira mosalekeza, palibe vuto losungidwa. Dziwani kuti nambala imaloza njira yonse ya magetsi, osati chida chimodzi. Nambala 12 imabweranso chifukwa cha fyuzi ya STOP kapena swichi ya buleki, ndipo munthu wosadziwa zimenezi amagula actuator pachabe.

Actuator ndi kompyuta zikhale zomalizira. Onani kaye kebulo ya actuator: kodi ikadali yokoledwa pa throttle, kodi sinathothoke tizingwe, kodi siikukakamira m'chikopa chake? Ikhale yokhwepa pang'ono chabe; ikakhwepa kwambiri liwiro limatsika musanamve kukoka, ikathina injini imalira pamwamba. Kompyuta nayo imafa, makamaka chifukwa cha madzi odontha pa galasi kapena mtovu wowotcherera umene umang'ambika ndi kugwedezeka kwa zaka zambiri, vuto lodziwika bwino pa makompyuta a cruise control a Land Rover. Wodziwa kukonza mawailesi akhoza kuwotchereranso malo ong'ambikawo. Koma musanaitsutse, yezani pa pulagi yake kuti magetsi, ethi, uthenga wa buleki ndi wa liwiro zonse zikufika. Mukagula ina yakale, nambala yake ifanane ndi yanu, chifukwa galimoto ya ku Japan, ya ku Ulaya ndi ya ku South Africa zikhoza kufanana kunja koma mawaya ake n'kusiyana.

Njira yachidule imene imapha

Pali kukonza kumene sikuyenera kuchitika ngakhale kamodzi: kulumikiza mawaya a swichi ya buleki mwachindunji, kapena kutseka paipi yopita ku valavu ya pa pedulo, kuti cruise control igwire. Idzagwiradi, koma mwachotsa chinthu chimene chimaimasula. Tsiku limene mwana kapena wanjinga adzalowe mumsewu, buleki idzalimbana ndi injini imene ikuonjezera moto pofuna kubwezeretsa liwiro. Kulumikiza kotere n'kololedwa poyesa pokha, galimoto itaima, ndipo kuchotsedwe nthawi yomweyo.

Kuti swichi yaing'ono si yoichepetsa, nkhani ya Ford ku America ikuchitira umboni. Magalimoto ake ambiri, kuphatikizapo F-150, Explorer, Expedition ndi Bronco, anali ndi swichi yozimitsira cruise control yomangidwa pa master cylinder ya buleki, yopangidwa ndi Texas Instruments. Pa mitundu yambiri swichiyo inkakhala ndi magetsi ngakhale kiyi itachotsedwa. Kachikopa ka m'kati kakabowoka, mafuta a buleki ankalowa ku mbali ya magetsi, n'kuchititsa dzimbiri ndi kutentha, ndipo magalimoto ena anapsa ali chiimire usiku, ena pamodzi ndi nyumba. Pakati pa 1999 ndi 2009 kampaniyo inaitanitsa magalimoto oposa 14 miliyoni kuti akakonzedwe, ambiri powaika waya wokhala ndi fyuzi. Chimodzi mwa zizindikiro zoyamba chinali cruise control kungosiya kugwira ntchito. Amene ali ndi Ford ya ku America ya zaka zimenezo aone ngati swichi ya pa master cylinder ili yonyowa ndi mafuta, ndipo ikakhala choncho azule pulagi yake mpaka itasinthidwa.

Kuyesa pomaliza, ndi funso loti n'koyenera kodi

Mukakonza, yesani pamsewu wowongoka, wouma, wopanda anthu ambiri. Fikani pa makilomita 60 pa ola, dinani SET, phazi likhale pafupi ndi buleki. Chinthu choyamba kutsimikiza si choti ikugwira, koma choti ikusiya: gundani buleki pang'ono, yesani kilachi, yesani CANCEL, yesani swichi yaikulu, chilichonse pachokha. Zonse zikaimasula nthawi yomweyo, yesani RESUME ndi chitunda.

Ena adzafunsa ngati ntchito yonseyi ili ndi phindu kwathu kuno. N'zoona kuti pa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, ndi misika ya m'mbali mwa msewu, akabaza, mbuzi ndi maenje, malo ogwiritsa ntchito cruise control ndi ochepa, ndipo pamvula, pamsewu wafumbi kapena usiku siyenera kuyatsidwa n'komwe. Amene amapita ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg ndi amene amadziwa ubwino wake, pakupumitsa mwendo ndi kupewa kupyola liwiro lololedwa. Koma phindu lalikulu lili pena. Njira yofufuzira vutoli imadutsa pa magetsi a buleki, hutala, airbag, sipidomita ndi kebulo ya throttle, zinthu zimene zimafunika pa galimoto iliyonse kaya ili ndi cruise control kapena ayi.

Choncho mukapita kwa makaniko, musangonena kuti cruise yafa. Muuzeni mmene ikukanira ndi ntchito imene inachitika pa galimotoyo posachedwa, ndipo mupemphe kuti ayambe ndi fyuzi, mababu, swichi ya buleki, mapaipi ndi mapulagi, n'kukuonetsani zimene wapeza, asanatchule za kugula kompyuta. Ngakhale mutasankha kuti simudzaigwiritsanso ntchito, yang'anani magetsi anu a buleki lero, chifukwa dalaivala wa lole amene akubwera kumbuyo kwanu amadalira magetsi amenewo kuti adziwe kuti mwaima.